Magauni Amene Sanayankhe

3 Malichi

Okondedwa bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, amayi ndi mdzukulu wanu. Ine kuno ndili bwino, kungoti nthunzi ya kuntchito yandipatsa kachifuwa, koma si kodetsa nkhawa. Bondo lanu lija likuti bwanji? Musamakhale pa benchi tsiku lonse osadzuka, mawailesi a eni ake sathawa.

Pa foni mumangoti "eya, eya," amayi ali pambali kudikira kuti alande. Ndiye ndati ndilembe, dalaivala wa basi uja akupatsirani, muwerenge ndi galasi lanu loonera mawaya.

Mudafunsa kuti ntchito yanga ndi yotani kwenikweni. Timachapa nsalu za zipatala zitatu: zoyala pabedi, matawulo, ndi magauni obiriwira ovala popanga opaleshoni. Kale ndinkapinda. Tsopano andikhazika pa chipata cholowera nsalu zakuda, ndipo tsiku lililonse ndimati abambo akanaona izi sakanapita kukadya.

Nsalu iliyonse ili ndi kanthu kosokerera mu mpendero, ife timati kabatani. M'kati mwake muli kachipu kochepa ngati kamchenga, ndi kawaya kopyapyala ngati tsitsi, kamene ndi eriyo yake. Batire mulibe. M'mbali mwa chipata muli mabokosi anayi oyera otulutsa mafunde a wailesi. Ngolo ya nsalu ikamadutsa, kawaya kaja kamatola mafundewo, mphamvu yomweyo n'kudzutsa kachipu, iko n'kubweza nambala yake. Zili ngati wailesi yopanda batire imene mudapanga muli mnyamata ija, kungoti iyi imayankha. Nsalu mazana awiri m'ngolo imodzi, zonse kuyankha munthu usanaphethire kawiri. Ine ndimayang'ana pa kompyuta ngati chiwerengero chikufanana ndi chimene achipatala alemba, kenako n'kusaina.

Ndakuikirani kabatani kamodzi ka nsalu yong'ambika. Mukang'ambe ndi lumo muone nokha.

Ndikukhalabe m'chipinda chimodzi ndi Amake Mapasa, mayi a kufupi ndi kwathu aja amene anandilandira nditangofika. Iwo amakankha ngolo kuchokera pa lole kufika pa chipata changa. Akuti ndasanduka bwana chifukwa ndili ndi mpando, ndiye akamadutsa amandichitira sawasha. Akupereka moni.

Nsapato za mwana ndagula zokulirapo dala, muike pepala kutsogolo. Zinthu kuno zikukwera mtengo ngati zili ndi mapiko, sindikudziwa kuti ndidzagulanso liti.

Mwana wanu,
Kawaya

29 Malichi

Okondedwa bambo,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndasangalala kumva kuti bondo lachepako. Ine ndili bwino. Amayi muwauze kuti ndikudya, chithunzi chija chinangondijambula molakwika.

Ndinaseka ndekha powerenga kuti kabatani kanakugwerani pansi, nyumba yonse n'kugwada kukafunafuna. Mwafunsa kuti bokosi limamva bwanji kanthu kopanda mphamvu yakeyake. Ndinafunsa mmisiri amene amabwera kamodzi pa mwezi kudzayesa makinawa. Timawatcha Achipewa chifukwa palibe amene adaonapo mutu wawo. Akuti zili ngati munthu wakuunika ndi tochi, iwe n'kumamubwezera kuwalako ndi kagalasi, ukukagwedeza mwa chizindikiro. Kabatani kamangobweza mafunde a bokosi, kwinaku kakuwasinthasintha kuti atchule nambala.

Kuno zinthuzi zili paliponse. Khadi limene ndimalowera pa geti lili nako. Zovala za m'masitolo akuluakulu zili nako, ukatuluka nazo osalipira chitseko chimakuwa. Akuti ngakhale ng'ombe za m'mafamu amaziika kukhutu, ndipo m'zipatala zina makanda amawamanga kumwendo kuti asasinthanitsidwe.

Kuntchito kwavutako pang'ono. Masabata awiri ano chiwerengero sichikugwirizana. Achipatala amalemba kuti akweza magauni mazana atatu, koma pa kompyuta yanga amaperewera ndi makumi awiri, tsiku lina makumi atatu. Pakati pa lole ndi chipata ndi pongoponya mwala. Kapitawo wayamba kuima kumbuyo kwanga, kundipumira m'khosi. Dzulo anati, "Makina sanama, amanama ndi anthu."

Ngolo za kuopaleshoni aliyense amazithawa. Nsalu zake zimabwera zonyowa, zolemera, fungo lake losaneneka. Posachedwa achipatala asiya ngolo za pulasitiki, agula zachitsulo, kumunsi kwake kotseka ngati bafa kuti madzi asamadonthe. Amake Mapasa ndi amene amazitenga. Amati, "Ndinabereka awiri tsiku limodzi ine, ndingaope chiyani?"

Mwana asamawoloke yekha msewu waukulu popita kusukulu. Ndipo mita yanu yoyezera magetsi musabwereketsenso, mukudziwa mmene inabwerera ulendo uja.

Mwana wanu,
Kawaya

20 Epulo

Okondedwa bambo,

Moni kwa nonse. Ndamva za malungo a mwana, ndipo ndikuthokoza amayi pothamanga naye msanga. Amalize mankhwala onse, ngakhale ayambe kusewera. Ine thupi lili bwino.

Kuno tikutuluka pa geti zikwama zili chotsegula. Alonda amapisa dzanja mpaka m'mbale zodyera. Abweretsa kabokosi kogwira m'manja, kofanana ndi a pachipata aja, amatiyendetsa nako thupi lonse ngati akutifukiza, kuti ngati wina wavala gauni m'kati liyankhe. Mpaka lero palibe chimene chayankha. Wina wayambitsa mphekesera kuti magauni akugulitsidwa kumsika kwa opaka penti. Amene anawaona ndi maso sakupezeka, aliyense akuti anamva kwa mnzake.

Anthu amene tinkagawana mchere pa nkhomaliro tsopano aliyense akudya atayang'ana kukhoma.

Kapitawo akuitana anthu mu ofesi mmodzimmodzi. Akuti achipatala aopseza kuti apereka ntchitoyi kwa ochapa ena, ndiye mutu wa munthu uyenera kupezeka mwezi usanathe. Mukudziwa kuti chiphaso changa chokhalira kuno chinamangidwa pa ntchito imeneyi. Ikatha, nachonso chatha. Ine anandiitana Lachitatu. Ndinakhalamo nthawi yochepa. Za m'menemo tidzakamba tsiku lina.

Amake Mapasa asiya nthabwala. Akadutsa ndi ngolo amayang'ana nkhope yanga, osati kompyuta, kuti adziwe ngati zakwana. Ine ndimayang'ana pansi. Loweruka anachapa zovala zanga pamodzi ndi zawo osandiuza, ndipo nditathokoza anangoti, "Ukuonda, mwana iwe. Kodi wakuba ndiwe?" Anaseka okha. Ine kuseka kunandikanika.

Musawauze amayi zonsezi. Auzeni kuti ntchito yachuluka. Za malata a kukhitchini dikirani kaye, musayambe kukhumula chilichonse mpaka nditakuuzani.

Mwana wanu,
Kawaya

6 Meyi

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo.

Amake Mapasa anawachotsa ntchito Lachisanu lapitalo lija. Sanawaitanire apolisi, anangowalanda khadi n'kuwaperekeza mpaka pa geti, anthu akuonerera pa mawindo. Nditaweruka ndinapeza bedi lawo lili mbee, chikwama palibe. Foni yawo sikulira. Eni nyumba akuti ndipeze wina wokhala naye, koma ndawapempha andidikire.

Ngolo za kuopaleshoni tsopano akukankha bambo wina wamtali, wa mpingo, woti ngakhale pini akatola amakapereka ku ofesi. Lolemba magauni anaperewera ndi makumi awiri ndi asanu. Lachiwiri khumi ndi asanu ndi atatu. Kapitawo anaima pa mpando wanga nthawi yaitali, kenako anati, "Wakuba tamuchotsa, kuba kwatsala. Ndiye kuti anali ndi mnzake wodziwa kompyuta." Chaona mnzako chapita, bambo.

Ndikufuna mundithandize, ndipo muyankhe ndi basi yomweyi ikamabwerera. Zaka zonse ndinkakhala pambali pa benchi yanu ndikukugwirirani mawaya, koma sindinkamvetsera mokwanira. Kodi ndi chiyani chimene chimatha kutsekereza mafunde a wailesi? Ndikufunsa chifukwa ndabwerera m'mapepala onse amene ndinasaina. Zoyala pabedi sizinaperewerepo. Matawulo sanaperewerepo. Ndi magauni okha, ndipo zinayamba sabata imene ngolo zatsopano zinafika. Wakuba wanji wosiya thaulo labwinobwino n'kumasankha gauni la magazi?

Mwina ndikungodzinamiza chifukwa cha mantha. Ngati ndi choncho mundiuze mosabisa.

Kawaya

27 Meyi

Okondedwa bambo,

Yankho lanu linafika, ndipo ndaliwerenga mpaka pepala lafewa. Ndasangalala kuti mwana wabwerera kusukulu. Ine chifuwa chatha, tulo ndi timene tikuvuta.

Ndiye mudaikadi kawailesi kanu m'poto wa amayi n'kuvundikira, iko n'kukhala chete? Ndikuona nkhope ya amayi ili apa. Ndipo za madzi mukunena zoona, ndakumbukira mmene kanema wa kwa aneba ankazimira mvula ikakula. Mwalemba kuti chitsulo chimabweza mafunde, madzi amawamwa, ndipo kanthu kodalira mphamvu yopemphetsa kakakhala pakati pa ziwirizi sikangadzuke n'komwe. Mawu amenewo ndinapita nawo kuntchito m'thumba.

Lachinayi pa nkhomaliro, anthu onse atatuluka, ndinatenga matawulo khumi m'bini ya zong'ambika. Ndinadutsa nawo pa chipata ali m'manja. Kompyuta inati khumi. Ndinawaviika m'ndowa, n'kuwaunjika osafinya, n'kudutsanso. Inati asanu ndi awiri. Kenako ndinawaponya pansi pa ngolo yachitsulo, n'kukankha. Bambo, inati awiri. Ndinabwereza katatu. Awiri, atatu, awiri. Matawulo ali momwemo, ndikuwaona ndi maso angawa, makina akuti kulibe.

Ndinakhala pansi pa simenti. Sindinasangalale ayi. Ndinangoona m'maganizo Amake Mapasa akuyenda kupita ku geti, mlonda ali pambuyo.

Tsopano vuto ndi ili. Kompyuta siiwala. Zonse zimene ndinayesa zalembedwa, ndi nthawi yake, pa ola limene sindiyenera kukhudza chilichonse. Kapitawo akaziona ndisanalankhule adzati ndimaphunzira kunamiza makina. Ndikalankhula kwa iye, ndiye kuti ndikumuuza kuti anachotsa munthu wosalakwa, ndipo iye si munthu womva zotero kuchokera kwa mkazi wobwera ngati ine. Bambo wamtali uja ndamuuza. Anagwira pakamwa, kenako anati, "Mlongo, ine ndili ndi ana anayi. Ndikupemphererani."

Achipewa abwera pa 10 Juni. Ndikuwerenga masiku. Kapitawo wandiuza kale kuti mwezi wamawa tidzakambirana za mpando wanga.

Ngati mutamva kuti ndikubwera mwadzidzidzi, musadabwe, ndipo musafunse pamaso pa mwana.

Mwana wanu,
Kawaya

15 Juni

Okondedwa bambo,

Moni nonse. Ndili bwino, ndipo ntchito ndikadali nayo. Ndayamba ndi zimenezi kuti mtima ukhale pansi musanawerenge zotsalazo.

Achipewa anabwera m'mawa monga mwa nthawi zonse, anatenga thaulo lawo, n'kudutsa nalo pa chipata kawiri. Anayamba kulemba kuti zonse zili bwino. Kapitawo anali pomwepo. Ndinaimirira.

Ndinati, "Achimwene, mumayesa ndi thaulo louma lili m'manja. Mudayesapo lonyowa lili pansi pa ngolo iyo?"

Kapitawo anati, "Iwe ntchito yako ndi kusaina. Khala pansi."

Achipewa anayang'ana ngolo, n'kuigogoda ndi chala. "Izi zinabwera liti? Ine ndinatchera mabokosiwa pa ngolo za pulasitiki."

Lole ya kuopaleshoni inali itangofika. Achipewa anakankha okha ngolo imodzi. Inaperewera ndi khumi ndi asanu ndi anayi. Anavala magolovesi, anakhuthulira zonse pansi, n'kuyamba kudutsitsa magauni limodzilimodzi. Onse anayankha, osatsala ndi limodzi lomwe. Anthu anali atasiya ntchito, atazungulira.

Kapitawo anati, "Za lero zatheka. Nanga a miyezi yonseyi ali kuti?"

Achipewa anapempha manambala a magauni onse amene ankati abedwa, n'kufunsa kompyuta ya chipata china, chotulukira nsalu zoyera. Bambo, onse anali atatuluka. Lililonse linachapidwa, kuumitsidwa, kupindidwa, n'kubwerera kuchipatala patatha masiku awiri, ndipo potuluka linkayankha bwinobwino chifukwa linali louma. Ena madokotala awavala kakhumi chiwabereni. Pepala la zolowa limapita kwa kapitawo, la zotuluka limapita ku ofesi ya malole m'mwamba. Miyezi itatu palibe amene anaika mapepala awiriwo pa tebulo limodzi.

Achipewa anavula chipewa n'kudzikanda. Ali ndi dazi, nkhaniyo yathanso.

Tsopano aika bokosi lina pamwamba loyang'ana m'ngolo, ndipo zonyowa tikuzikhuthulira pa lamba kuti zidutse zitamwazikana. Kapitawo sanapepese aliyense. Amandidutsa ngati mzati. Bwana wamkulu, mayi wina wa magalasi amene ndinali ndisanalankhulepo naye, anatsika n'kufunsa kuti ndinaphunzira kuti. Ndinati kwa bambo anga, amakonza mawailesi. Kenako ndinafunsa za Amake Mapasa. Mawa lake anandipatsa envelopu yokhala ndi kalata yonena kuti mayiwo sanalakwe ndipo malo awo alipo. Anati adilesi imene ali nayo ndi ya chipinda chathu, ndiye ndiwapeze ndine.

Ndafunsa kutchalitchi kwawo, ndafunsa kwa amayi ogulitsa masamba amene ankacheza nawo. Wina akuti anabwerera kumudzi, wina akuti anawaona kudepoti ya mabasi. Mutamvako chilichonse kumeneko mundidziwitse msanga. Envelopu ndikuyenda nayo m'chikwama tsiku lililonse.

Malata a kukhitchini mukhoza kuyamba.

Mwana wanu,
Kawaya

9 Julaye

Okondedwa bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi ndi mwana. Ine ndili bwino. Kalata iyi muwerenge muli nokha, kenako mudzaona nokha zoti muwauze amayi.

Ndawapeza. Lamlungu masana, kuseri kwa depoti, pa mzere wa amayi oluka tsitsi pansi pa maambulera. Anali ataimirira, akuluka mtsikana wina, zingwe za tsitsi zili pa phewa. Achepa thupi. Atandiona manja awo sanaime.

Ndinapereka moni, anayankha. Ndinapereka envelopu. Anati, "Manja ali ndi mafuta, werenga." Ndinawerenga mokweza, amayi enawo akumvetsera. Nditamaliza anati, "Bwereza pamene akuti sindinalakwe." Ndinabwereza.

Tsopano ndikuuzeni za Lachitatu lija. Mu ofesi, kapitawo anaika pepala lolembalemba kale pa tebulo, chiphaso changa chili pambali pake. Pepalalo linkati ngolo zonse zoperewera anakankha ndi Amake Mapasa. Zimenezo zinali zoona. Koma pansi panali mzere wina wonena kuti ndinkawaona akuchedwa kuseri kwa lole. Bambo, sindinawaonepo. Ndinawerenga mzerewo kawiri, ndinaganiza za mwana, ndipo ndinasaina. Munandilera kuti waya wolakwika usamaubise ndi tepi, koma ndinabisa miyezi itatu, ngakhale kwa inu.

Ndinawauza zimenezi pomwepo, pamaso pa anthu, ndikulira ngati mwana. Anamaliza chingwe chimene ankaluka, n'kumanga kunsonga.

Anati, "Ndikudziwa. Anandionetsa pepalalo tsiku lomwelo. Ndinachapa zovala zako ndikudziwa."

Ndinafunsa chifukwa chimene sananenere. Anati, "Ndinkadikira kuti unene wekha. Wachedwa, koma wafika."

Sanandikumbatire, ndipo sindikunena kuti zatha. Za ntchito akuti aganiza. Akuti kubwerera pa geti limene anatulukira ngati galu si chinthu chochita chifukwa pepala lanena. Koma pali chimene chikuwadya kuposa ntchito. Nkhani inafika kwawo. Wina wa kuno anaimba foni, ndipo apongozi awo akuuza aliyense kuti mkazi wa mwana wawo anagwidwa akuba zovala za odwala. Mapasa aja, a zaka khumi, anzawo kusukulu akuwatcha ana a gauni. Mmodzi wasiya kupita.

Anati, "Ndikaimba ine amati wakuba aliyense amakana. Iwe unalemba dzina lako pa bodza. Lilembenso pa choona."

Ndalemba. Muli mapepala awiri mu envelopu yaing'onoyo: kope ya kalata ya abwana, ndi yanga, yofotokoza zonse, ndi za mzere uja, dzina langa lili pansi. Sindikufuna zipite ndi dalaivala kapena ndi mwana wa munthu. Ndikupempha mupite nokha. Ndikudziwa bondo, ndikudziwanso kuti mukawerenga pamaso pa anthu kuti mwana wanu ananama. Mukatsike pa sitolo ya matayala, mukafunse nyumba ya mapasa, aliyense akulozerani. Mukapemphe kuti apongoziwo akhalepo, ndi aphunzitsi a anawo ngati n'kotheka. Akakafunsa kuti nsalu ingasowe bwanji ili pomwepo, inu mukatha kuwafotokozera kuposa ine.

Anawo akhale kutsogolo, ndipo mukawerenge pang'onopang'ono. Pamene pali dzina langa musadumphe.

Ine mwana wanu,
Kawaya